Mlonda wa Matabwa ku Luwinga

Ntchito yanga ndi kukhala maso
Mzuzu akatseka zikope.
Amandilipira kuti pasachitike kanthu,
ndipo mwezi ukatha popanda kanthu
ndimasayina dzina, n'kulandira.

Koma a Mwakasungula, eni malo ano,
sadziwa kuchuluka kwa zochitika usiku umodzi.

Cha m'ma eyiti nkhungu imatsika ku Kaning'ina.
Sigogoda pageti.
Imadutsa m'mawaya ngati yalipira lendi
n'kukhala pamwamba pa milu ya matabwa.
Ine, m'jekete langa la pakaunjika,
manja m'khwapa,
ndimaiuza kuti: mwachedwatu lero.

Matabwa a paini amalankhula usiku, mukudziwa?
Limodzi limati tha! kenako zii.
Odziwa amati akuuma.
Ine ndimati akukumbuka ku Chikangawa,
pakuti utomoni wawo ukali kununkha phiri.
Ndikaunika tochi pamutu pa chipika
ndimawerenga mizere yake ndi chikhadabo:
wonenepawu, chaka cha mvula yosakata,
wowondawu, chaka chimene moto unadutsa.
Yonse pamodzi makumi awiri ndi itatu,
msinkhu wa Lusekelo wanga
amene anakwera basi ya ku Joni
ndipo foni yake imangolira, kulira.

Tsiku la mvula yoyamba
ngumbi zinabwera kudzapembedza getsi la pageti.
Achule anatulukira m'ngalande,
nalimata anatsika pakhoma,
ine ndinatchera beseni la madzi.
Tonse antchito a usiku,
tonse pamzere umodzi wa malipiro.
Kutacha, pansi panali mapiko okhaokha
ngati wina wang'amba kalata yaitali.

Ndiye pali nkhani ya mulu wachitatu.
Pampata wa matabwa awiri opindika
timba anamanga chisa:
udzu, ulusi wa thumba la feteleza,
ndi katsitsi ka mesi kogwa m'mutu mwa wina.
Mazira atatu,
lililonse losaposa nsonga ya chala changa.

Lachinayi kunafika lole ya ku Songwe,
anyamata onyamula atavula kale malaya.
Ndinanama.
Ndinati mulu uwo ngwonyowa, yambirani uko.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala pano
kuti munthu asabe ngakhale msomali,
koma tsiku limenelo ndinaba ndine:
masabata awiri a bwana,
n'kupatsa mbalame yosadziwa dzina langa.

M'buku la malipoti ndinalemba monga mwa masiku onse:
Zonse zili bwino.
Kanali koyamba mawuwo kundikoma m'dzanja.

Faifi ikakwana, Nyauhango amayatsa mbaula pamphambano.
Tiyi wake ndi wa masamba obwereza,
shuga amachita kuyeza ngati mankhwala,
koma kapu yachitsulo ikandiotcha zala
ndimadziwa kuti zala ndikali nazo.
Mwagona uli? amandifunsa m'chinenero cha kwawo,
akudziwa bwino lomwe kuti sindinagone.
Timaseka nthabwala yomweyo m'mawa uliwonse
ndipo sinasukuluke.

Kenako ndimatsika kulowera ku Zolozolo
mosemphana ndi mzinda wonse:
a sakaramento akupalasa chitunda, misana ikufuka nthunzi,
ana a sukulu milomo yotuwa ndi chisanu,
mayi wina ndi lichero la bowa wa m'mapaini.
Onse akuthamangira tsiku.
Ine langa ndalipinda kale, lili m'thumba.

Abusa amati tanthauzo la moyo lili kutsogolo.
Mwina.
Ine sindinaphunzire kuona patali,
tochi yanga imalekeza pa mpanda.

Ana a timba awiri anauluka Lolemba,
mmodzi anayamba wagwera pa utuchi, n'kuyesanso.
Dzira lachitatu silinaswe.
Ndinaliika m'bokosi la machesi,
lili pawindo, pafupi ndi foni.
Sindidziwa chimene ndikulisungira.

Dzuwa likamaboola nkhungu pa malata a aneba
ndimakoka bulangete,
zovala zikununkhabe utomoni,
n'kusiyira ena kuti alondere masana.